Mbewu ya boma, munda wa m'dambo: ndondomeko ya Pfumvudza m'malokeshoni a Harare

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, dzuwa likuswa mtengo, malo onse opanda nyumba m'malokeshoni a Harare amasanduka minda. M'mbali mwa njanji ku Rugare ndi ku Kambuzuma, pansi pa mawaya a magetsi ku Kuwadzana ndi ku Warren Park, m'zigwa za ku Glen View ndi ku Budiriro, ngakhalenso m'mipata ya miyala ku Mabvuku, Tafara ndi Epworth, anthu amawerama ndi makasu kuyambira m'bandakucha. Kulima m'tauni kotereku n'kwakalekale. Chimene chasintha kuyambira m'chaka cha 2020 ndi kalimidwe kake. Ambiri sakugalauzanso nthaka yonse monga kale, koma akukumba maenje ang'onoang'ono m'mizere yoongoka, potsata chingwe. Maenjewo ali ndi ntchito ziwiri: ndi mapando a chimanga, komanso ndi umboni umene mlimi amaonetsa mlangizi kuti dzina lake lilembedwe pa mndandanda wa olandira mbewu ndi fetereza wa boma.

Ndondomeko imeneyi imatchedwa Pfumvudza m'Chishona ndipo Intwasa m'Chindebele. Mawu akuti pfumvudza amanena za mphukira zimene zimatuluka m'mitengo ya msasa chilimwe chikamatha, mvula isanagwe. Kwa ife amene timalima, kukonza ndi kugulitsa mbewu m'chigawo chino, ndondomekoyi ndi yofunika kuidziwa bwino, pakuti ndi imodzi mwa njira zikuluzikulu zimene boma la dziko la kuno kum'mwera kwa Africa layesa kulipira alimi chifukwa chosamalira nthaka. Ndipo palibe pamene mphamvu ndi zofooka zake zimaonekera poyera kuposa m'malokeshoni a Harare.

Malipiro osadzera m'thumba

M'maiko ena boma likafuna kuti mlimi asamalire nthaka limam'patsa ndalama. Ku America, pulogalamu ya Conservation Reserve Program, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1985, imalipira mlimi chaka ndi chaka kuti asiye kulima malo okokoloka msanga kwa zaka 10 mpaka 15, nadzalepo udzu kapena mitengo. Ina, yotchedwa EQIP, ya 1996, imagawana ndi mlimi mtengo wa ntchito zoteteza nthaka ndi madzi pamunda umene ukulimidwa. M'njira zonse ziwirizi pamakhala pangano lolembedwa, munda umadziwika malire ake ndi mwini wake, ndipo ndalama zikalowa mlimi amasankha yekha kumene akagule mbewu.

Ku Zimbabwe malipiro ake ndi thumba la mbewu ndi matumba a fetereza. Luso la Pfumvudza linachokera ku bungwe la Foundations for Farming, limene muzu wake uli pa ntchito imene Brian Oldreive anayamba pa famu ya Hinton, kufupi ndi Bindura, m'zaka za m'ma 1980, pamene anasiya kugalauza nthaka nayamba kuiphimbira ndi mapesi. Boma linatenga lusoli mu 2020, patapita zaka ziwiri za zokolola zochepa, nalilumikiza ku ndondomeko ya Pulezidenti yogawa zipangizo zaulimi. Nduna ya zaulimi ya nthawiyo, Perrance Shiri, inamwalira mu Julayi 2020 ntchito ili mkati, ndipo Anxious Masuka ndiye anaipitiriza. Chaka choyambacho boma linafuna kufikira mabanja 1.8 miliyoni.

Lamulo lake n'losavuta kulimva: phunzira kwa mlangizi wa Agritex, kumba maenje, sonkhanitsa zophimbira, kenako ulandire. Zipangizo zimadzera m'madepoti a Grain Marketing Board n'kukagawidwa m'mawodi. Kuchuluka kwa mbewu kwakhala kukusintha chaka ndi chaka komanso malinga ndi dera, koma fetereza wake ndi wodziwika: Compound D wokulitsa ndi ammonium nitrate wobereketsa. Pamene chiwerengero cha opindula chinakwera m'zaka zotsatira, boma linayamba kutchula padera mabanja 500,000 a m'matauni ndi m'mphepete mwa matauni. Mmenemo ndi mmene malokeshoni a Harare analowera m'mabuku a ndondomekoyi.

Masamu a munda umodzi

Wogulitsa mbewu aliyense ayenera kuwasunga pamtima masamu a munda wa Pfumvudza, chifukwa ndi amene amanena kukula kwa paketi imene mlimi adzafune. Mundawo ndi wa mamita 39 m'litali ndi mamita 16 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 624, kapena gawo limodzi mwa magawo 16 a hekitala. Umakhala ndi mizere 52 yotalikirana masentimita 75, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi maenje 28 otalikirana masentimita 60. Maenje onse pamodzi ndi 1,456. M'dzenje lililonse mumaikidwa njere zitatu, ndipo zikamera amapatulira kuti zitsale ziwiri.

Nzeru yake ili pa nambala 52, imene ndi masabata a chaka. Mzere umodzi uli ndi mapesi 56, ndipo ngati phesi lililonse labereka chisononkho chimodzi chachikulu, chimanga cha mzerewo chikatongoledwa chiyenera kudzaza ndowa ya malita 20, imene ingadyetse banja la anthu asanu ndi mmodzi kwa sabata imodzi. Mzere umodzi, sabata imodzi. Mizere 52, chaka chathunthu. Kumbali ya mbewu, maenje 1,456 kuchulukitsa ndi njere zitatu ndi njere 4,368, zimene zimakwana bwino m'paketi ya makilogalamu awiri. Ngati mabanja 500,000 atalima munda umodzi umodzi, pangafunike matani 1,000 a mbewu, onse m'mapaketi ang'onoang'ono.

Masamuwa ndi a munda wosamalidwa bwino lomwe, wothiridwa laimu ndi fetereza pa nthawi yake, wopanda udzu, wophimbiridwa paliponse, wodzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira. Alimi ambiri safikapo, ndipo wogulitsa woona mtima sayenera kulonjeza ndowa 52 kwa aliyense wogula paketi. Komabe chaka choyamba chinapatsa anthu chikhulupiriro. M'nyengo ya 2020/21 dziko la Zimbabwe linakolola matani pafupifupi 2.7 miliyoni a chimanga, pamene chaka cham'mbuyo mwake linali litakolola matani ongopitirira pang'ono 900,000. Tiyenera kukumbukira kuti mvula inagwa bwino kwambiri chaka chimenecho. Mayeso enieni anadza mu 2023/24, pamene chilala cha El Niño chinagwetsa zokolola kufika pansi pa matani 1 miliyoni, ndipo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza mu Epulo 2024 kuti dziko lili pa ngozi. Dzenje ndi zophimbira zimathandiza chimanga kupirira ng'amba ya masabata angapo, koma sizingalowe m'malo mwa mvula imene sinagwe.

Alimi opanda mudzi

Kuti timvetse chifukwa chake anthu a m'tauni amaumirira kulima pamalo pamene si pawo, tiyenera kuona mbiri ya malokeshoniwa. Ambiri mwa iwo anamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti musungidwe antchito: Rugare ya ogwira ntchito ku njanji, Mabvuku ndi Tafara za ogwira ntchito m'nyumba za azungu kum'mawa kwa mzinda ndi ku fakitale ya simenti, Dzivarasekwa ya ogwira ntchito m'nyumba za kumadzulo. Gawo lalikulu la antchitowo linachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anadza ndi Mthandizi, ena pansi, ndipo ulendowu unakula m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri sanabwererenso kwawo, nakhala machona. Zidzukulu zawo ndi zimene mpaka lero zimavina Gule Wamkulu ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Epworth, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazizindikira.

Mshona wokhala ku Highfield kapena ku Glen Norah nthawi zambiri amakhala ndi kumudzi kwawo, ku Murewa kapena ku Gutu, kumene kuli munda wa makolo ndi nkhokwe. Mdzukulu wa tchona alibe mudzi wotere m'Zimbabwe. Pamene mafamu akuluakulu anagawidwa kuyambira mu 2000, ambiri mwa antchito a m'mafamu, amene ochuluka anali a mtundu womwewu, anataya ntchito ndi pokhala osalandira malo, ndipo ena anathamangira m'mphepete mwa mzinda. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri ali ngati alendo m'dziko limene anabadwira, kufikira pamene malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Kwa mabanja otere, kachigawo ka m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi kapena Marimba ndiye munda wokhawo umene adzakhale nawo, ndipo chiphaso cha unzika, chimene chimafunika polembetsa, si onse amene ali nacho m'manja.

Si iwo okha amene amalima. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare, ndipo ambiri mwa iwo alibe ntchito yolembedwa. Amayi, okalamba opuma pantchito ndi achinyamata ogulitsa malonda m'misewu onse amadziwa kuti matumba angapo a chimanga m'nyumba amapulumutsa ndalama za ufa kwa miyezi ingapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa iwo dambo la kuseri kwa nyumba ndiye fodya wa pamphunoyo.

Dzanja lina lipatsa, lina liletsa

Apa m'pamene pagona vuto. Mzinda wa Harare unamangidwa pamtunda pamene mitsinje imayambira, ndipo malo ambiri amene anasiyidwa osamangidwa ndi madambo. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatenga madzi a mumzinda n'kukathira m'nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo m'nyanja momwemo ndi mmene mzinda umapopa madzi akumwa. Ndiye kuti Harare imamwa madzi amene yatsukira mapazi ake. Madambo ndiwo amasefa madziwo, kuwasunga m'nyengo yadzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ndiwonso amadyetsa zitsime ndi mijigo imene anthu a ku Budiriro ndi ku Glen View amadalira mipopi ikauma. Anthu a m'madera awiriwa sanaiwale kolera wa 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse.

Malamulo amateteza malo amenewa. Lamulo la Environmental Management Act la 2002, pamodzi ndi Statutory Instrument 7 ya 2007, limaletsa kulima m'dambo kapena pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo, ndipo bungwe la EMA ndilo limayang'anira. Mwa malo asanu ndi awiri amene Zimbabwe inalembetsa pansi pa pangano la Ramsar mu 2013, atatu ali mu Harare kapena pafupi nayo: Monavale Vlei, damu la Cleveland, kumene Mukuvisi amayambira, ndi nyanja za Chivero ndi Manyame. Mu Julayi 2025 dzikoli linalandira msonkhano waukulu wa maiko a m'panganoli ku Victoria Falls. Khonsolo ya mzinda nayo ili ndi mbiri yaitali yotchetcha chimanga chosakhwima chimene chadzalidwa pamalo oletsedwa.

Chotero mayi wa ku Mufakose akhoza kulandira mbewu ndi fetereza kuchokera ku unduna wa zaulimi monga mphotho yosamalira nthaka, n'kukazidzala pamalo pamene unduna wa zachilengedwe ukunena kuti kulimapo n'kuwononga. Dzenje lokumbidwa bwino m'dambo limakhalabe m'dambo. Udzu wachilengedwe umene unali kugwira nthaka wachotsedwa, ndipo fetereza wina amatsetsereka ndi madzi kupita ku Chivero, kumene amakadyetsa namasupuni. Chilungamo chake n'chakuti mlimi wamng'onoyu si amene akuwononga kwambiri. Zonyansa za m'zimbudzi zosakonzedwa bwino, zotayidwa za m'mafakitale, ndiponso nyumba ndi misika imene ikumangidwa m'madambo zili ndi mlandu waukulu kuposa khasu lake. Koma kusagwirizana kwa malamulo kumagwera iye, ndipo kudzera mwa iye kumagweranso wogulitsa mbewu, pakuti mlimi amene sadziwa ngati chimanga chake chidzafika pokolola safuna kuika ndalama zambiri pa mbewu yabwino.

Njira yothetsera mkanganowu inakambidwa kale. Mu 2002 makhonsolo a mizinda ya Zimbabwe anagwirizana ku Nyanga kuti ulimi wa m'tauni uzindikiridwe ndi kuikidwa m'mapulani a mizinda, ndipo mu 2003 nduna za maboma ang'onoang'ono za maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa zinanenanso zomwezo pa msonkhano wa ku Harare. Mzinda wa Bulawayo unapita patsogolo n'kukhala ndi ndondomeko yakeyake ya ulimi wa m'tauni. Chimene chikufunika ku Harare n'chakuti malo ololedwa kulima adziwike pa mapu, wodi ndi wodi, ndipo zipangizo za boma zitsate mapu amenewo.

Mwendo wachiwiri ndi wachitatu

Ulimi wa mleranthaka uli ngati mafuwa atatu: kusagalauza nthaka, kuiphimbira, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Tsono m'malokeshoni fuwa loyamba lokha ndi limene limaoneka bwino, chifukwa maenje amawerengeka ndipo mlangizi angawaone ndi maso tsiku limodzi. Kukumba maenje 1,456 m'nthaka youma ya Seputembala si ntchito yamasewera, ndipo n'chifukwa chake ena anapotoza mawu olimbikitsa akuti dhiga udye, kumba udye, nawasandutsa dhiga ufe, kumba ufe. Amene amayamba kukumba atangokolola, nthaka ikadali yofewa, savutika chotero, ndipo maenje omwewo amagwiranso ntchito chaka chotsatira.

Zophimbira ndizo zimavuta. Kumudzi mapesi amalimbirana ndi ng'ombe; m'tauni amalimbirana ndi moto. Minda ya m'malokeshoni ilibe mipanda, ndipo m'chilimwe udzu ndi mapesi zimatenthedwa ndi osaka mbewa, otaya zinyalala kapena anthu ofuna kuti achifwamba asapeze pobisala. Munda wopanda zophimbira umauma msanga, umamera udzu wambiri, ndipo dontho la mvula limamenya nthaka mwachindunji. Akatswiri a CIMMYT, amene ofesi yawo ya kum'mwera kwa Africa ili ku Harare konkuno, akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti kusagalauza nthaka popanda kuiphimbira ndi kusinthanitsa mbewu kumapindula pang'ono, ndipo nthawi zina kumachepetsa zokolola.

Kasinthasintha nayenso ndi wovuta kwa munthu amene ali ndi kamunda kamodzi. Kumudzi ndondomekoyi imalimbikitsa minda ingapo, ina ya chimanga, ina ya mbewu za mtundu wa nyemba kapena zamafuta. Wa m'tauni sangapereke munda wake wokhawo ku soya pamene ana akufuna nsima. Apa pali mwayi kwa olima mbewu: mapaketi ang'onoang'ono a nyemba, khobwe ndi mtedza, zimene zingadzalidwe pakati pa mizere kapena pa chigawo cha munda chimene chingasinthidwe chaka ndi chaka. Khobwe woyanga amaphimbira nthaka akadali wamoyo, masamba ake ndi ndiwo, ndipo palibe amene angamutenthe m'dzinja.

Kodi wogulitsa waima pati?

Dziko la Zimbabwe lili ndi mbiri yonyaditsa pa mbewu. Alimi a mbewu ya chimanga anapanga bungwe lawo mu 1940, limene pambuyo pake linadzakhala Seed Co, ndipo mbewu ya SR52, imene inatulutsidwa mu 1960, inatchuka dziko lonse lapansi. N'chifukwa chake ngakhale mayi wolima kuseri kwa nyumba ku Mbare amadziwa kuti mbewu ya haibulidi imagulidwa chaka chilichonse. Msika umenewu unamangidwa ndi masitolo a zipangizo zaulimi, mahadiweya ndi timagolosale ta m'malokeshoni, timene timagulitsa mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri kapena asanu.

Pfumvudza yasintha njira imene mbewu imadzera. Boma limagula kwa makampani mwachindunji, ndipo katundu amachoka ku fakitale kupita ku depoti, osadutsa pa kauntala ya wogulitsa. Kwa kampani ndi kwa alimi amene amailimira mbewu, wogula mmodzi wamkulu chotere ndi mdalitso umene uli ndi minga yake. Walira mvula walira matope. Malipiro a boma akachedwa, kampani nayo imachedwa kulipira olima mbewu, ndipo m'dziko limene ndalama yake imasinthasintha mphamvu, kuchedwa kuli ngati kuchotsera mtengo. Ndalama ya ZiG inayamba mu Epulo 2024 ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40. Wolima mbewu amene anagula fetereza ndi madola a ku America amadziwa tanthauzo la zimenezi.

Kwa wogulitsa wa ku lokeshoni mavuto ake ndi atatu. Loyamba ndi kudikira: makasitomala ake sagula mu Okutobala poyembekeza za boma, ndipo zikachedwa kapena dzina likasowa pa mndandanda, onse amathamangira ku sitolo mvula itagwa kale, kufuna mbewu yocha msanga imene iye sanasunge yokwanira. Lachiwiri ndi katundu wa boma amene amatulukira pa msika. Wina amene walandira thumba la makilogalamu 50 a fetereza koma munda wake ndi waung'ono, kapena ali ndi ngongole ya lendi, amagulitsa motchipa, ngakhale kuti n'koletsedwa, ndipo wogulitsa wachilolezo sangapikisane ndi mtengo wa chinthu chimene mwini wake sanagule. Lachitatu ndi mbewu yachinyengo. Pamene anthu azolowera kugula mbewu ya m'mbale kapena ya m'pepala lopanda chizindikiro m'misika monga Mbare Musika, akathyali amapeza mpata wopaka utoto chimanga chakudya n'kuchigulitsa ngati haibulidi. Lamulo la Seeds Act limafuna kuti wogulitsa mbewu akhale ndi chiphaso cha Seed Services Institute, ndipo kumasula paketi n'kumagulitsa pang'onopang'ono kumachotsa chitetezo chonse chimene chizindikiro cha pa paketi chimapereka.

Palinso nkhani ya mtundu wa mbewu. Harare ili m'chigawo chachiwiri cha zaulimi, chimene chimalandira mvula ya pakati pa mamilimita 750 ndi 1,000 pa chaka, ndipo pa pepala mbewu zochedwa kucha zikhoza kuchita bwino kumeneko. Koma mlimi wa m'tauni ali ndi zifukwa zina. Amaopa akuba, amafuna chimanga chachiwisi chootcha kapena chogulitsa msanga, ndipo nthawi zambiri amadzala mochedwa. N'chifukwa chake mbewu zocha msanga, monga za m'magulu a SC 300, 400 ndi 500 ndi zofanana nazo za makampani ena, zimayenda kwambiri m'malokeshoni kuposa za gulu la 700. Owerenga a ku Malawi amazidziwa ndi maina a nyama, Kalulu, Kanyani, Mbidzi, Mkango ndi Njobvu, monga mmene a ku Zimbabwe amanenera Tsuro, Tsoko, Mbizi, Shumba ndi Nzou. Pamene boma ligawa, mlimi amalandira chimene chafika pa lole. Pamene agula yekha, amasankha chimene chikugwirizana ndi munda wake ndi tsiku limene akudzala.

Zimene anansi anayesa

Maiko oyandikana nawo anadzera njira zina. Ku Malawi, ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo imene inayamba m'nyengo ya 2005/06, ndi ya AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, zinalola kuti mbewu idzere mwa ogulitsa, ndipo zimenezi zinathandiza kuti masitolo a zipangizo zaulimi afalikire m'mizinda ing'onoing'ono ya kumidzi. Koma ndondomekozo sizinafunse mlimi kanthu pa kasamalidwe ka nthaka. Ku Zambia, bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuphunzitsa ulimi wa maenje kuyambira mu 1996, ndipo kuyambira m'nyengo ya 2015/16 boma linayesa makadi a e-voucher, amene mlimi amakagulira zipangizo zimene wasankha kwa wogulitsa wa m'dera lake. Kumenekonso kuchedwa kwa malipiro kunapweteka ogulitsa ambiri. M'Zimbabwe momwemo, itatha 2009, mabungwe othandiza anagawapo zipangizo kudzera m'makuponi okaombolera ku masitolo.

Tikaika zonsezi pamodzi, tiona kuti dziko lililonse lagwira mbali imodzi ya nkhani. Zimbabwe yamangirira thandizo ku kasamalidwe ka nthaka koma yalambalala wogulitsa. Malawi ndi Zambia analowetsa wogulitsa koma sanamangirire thandizolo ku nthaka. Malokeshoni a Harare ndi malo abwino oyeserapo kulumikiza ziwirizi, chifukwa masitolo ali pafupi, pafupifupi banja lililonse lili ndi foni yolandirira ndalama, ndipo mtunda wochoka ku munda kupita ku kauntala ndi wongoyenda pansi. Kuponi yotuluka pokhapokha mlangizi atatsimikiza kuti munda uli pamalo ololedwa ndipo waphimbiridwa ingachepetsenso madandaulo a kukondera pa kagawidwe, amene amamveka chaka ndi chaka ngakhale boma limanena kuti zipangizo ndi za aliyense.

Zimene zili m'manja mwathu

Kusintha ndondomeko ndi ntchito ya boma, ndipo mabungwe a amalonda a mbewu ali ndi udindo wolankhula ndi mawu amodzi pa zinthu zitatu: kulipira pa nthawi yake, kulowetsa ogulitsa achilolezo m'kagawidwe, ndi kusiyanitsa mapaketi a boma ndi a pa msika m'njira yoti aliyense aone. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kampani imodzi imene ikudikira malipiro ake singanene zimenezi yokha mosaopa.

Koma pali zina zimene wogulitsa angachite asanadikire aliyense. Asunge mapaketi a makilogalamu awiri okwanira, ndipo gawo labwino likhale la mbewu zocha msanga, zoti zidzagulidwe mu Disembala ndi amene za boma zawadutsa. Aike pafupi ndi mbewu laimu ndi fetereza wa m'mapaketi ang'onoang'ono osindikizidwa ndi kampani, chingwe chopimira, makapu othirira fetereza, ndi mankhwala ovomerezeka a mbozi ya ntchemberezandonda, imene yakhala ikuvutitsa chigawo chino kuyambira m'nyengo ya 2016/17. Adziwane ndi mlangizi wa wodi yake, kuti uphungu wa pa kauntala usasemphane ndi wa kumunda. Apereke lisiti pa paketi iliyonse, ndi kulangiza wogula kuti asunge paketiyo kufikira mbewu itamera. Ndipo asachite manyazi kufunsa kuti munda uli pati. Ngati uli m'kati mwa mamita 30 kuchokera ku mtsinje, wogula ayenera kumva zimenezo asanalipire, osati pamene zikwanje zafika.

Kwa olima mbewu, phunziro lake n'lakuti msika wa m'tauni si nyenyeswa za msika wa kumudzi. Uli ndi zofuna zakezake: mbewu yocha msanga, yopirira ng'amba, yokoma ikaotchedwa, ya makoko otseka bwino kunsonga, yopezeka m'paketi imene mayi wogulitsa tomato angaikwanitse ndi phindu la masiku awiri. Ndondomeko za boma zimasintha ndi bajeti ndi zisankho, ndipo chiwerengero cha olandira chikhoza kukwera kapena kutsika chaka chilichonse. Anthu a ku Mabvuku, Mufakose ndi Dzivarasekwa anali kudzala chimanga Pfumvudza isanabwere, ndipo adzakhala akudzalabe ngakhale dzina la ndondomeko litasintha. Amene adzawagulitse mbewu nthawi imeneyo ndi amene sanawanamize lero.